Tayala la Kumbuyo Kumanzere

1

Achimwene anga a Lucius ndinawaona komaliza ali moyo pa geti la koleji ina ku Fairgrounds mu Gaborone, dzuwa lili paliwombo. Anaimika galimoto pambali pa msewu koma injini sanazimitse. Ankakonda kuimva ikulira chapansipansi.

"Mayeso ndi 2 koloko, eti?"

"Eya, achimwene."

"Cholembera uli nacho?"

"Ndili nazo ziwiri."

Anyamata awiri a Chitswana amene ankadutsa anaima n'kumaloza matayala atsopano. Mmodzi anaimba likhweru. "Dumela, rra!" anakuwa popereka moni, atakweza chala chachikulu.

"Ke a leboga!" achimwene anathokoza, mano onse ali pamtunda. Kenaka ananditembenukira n'kutsitsa mawu ngati pali wina womvetsera.

"Ndikakusiya pano ndithamangira ku Otse. Kuli mayi wina akutseka shopu yake yosokera. Ndagula makina aja amagetsi, aakulu aja amene alamu ako akhala akuwalota. Makina, mota yake, tebulo, ndi mipukutu ya nsalu yotsala. Usawauze. Ndikufuna ndidzaone nkhope yawo ndekha."

"Zonsezo m'galimoto muno?"

"Tebulo tikamasula. Buti ndi mpando wakumbuyo zikwana."

Ndinagwira chotsegulira chitseko. Iwo anandigwira pabondo.

"Elton. Palibe chimene ukufuna kundiuza?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, osaseka. 

"Palibe, achimwene."

"Chabwino. Kalembe bwino."

Ndinatsika. Galimoto inanyamuka mwaulemu, n'kukwera hampu chopingasa monga zimachitira galimoto zotsitsa, kenaka inalowa mumsewu waukulu.

Ndinali ndi zinthu ziwiri zoti ndiwauze tsiku limenelo. Chimodzi chikanangowakhumudwitsa. Chinacho chikanawapulumutsa. Ndinameza zonse ziwiri.

2

Kwathu ndi ku Balaka. Tinabadwa awiri okha, achimwene ndi ine. Iwo anabwera ku Gaborone kalekale, ndipo ankadziwika ndi ntchito yowongola ndi kupenta galimoto zochita ngozi. Mu 2005 anandiitanitsa kuti ndidzaphunzire za makompyuta.

"M'banja mwathu manja akuda akwana," ankatero. "Iwe udzagwira ntchito yovala tayi."

Tinkakhala ku Block 10, m'nyumba yosatha ya Mtswana wina wogwira ntchito kumigodi. Zipinda ziwiri zinali ndi zitseko, zinazo mphepo inkangodutsa. Akazi awo, alamu anga a Agness, ankasoka pakhonde ndi kamakina kopalasa ndi phazi, kamene kankadula ulusi kakangoona nsalu yolimba.

Ndiyeno panali galimoto. Inali BMW yakale ya 325, imene achimwene anaitola ili chiphwasu n'kuimanganso kwa zaka zitatu. Anaipenta okha, yobiriwira ngati botolo. Anaiika masipuling'i aafupi moti pansi pake nkhuku sikanadutsa chilili. Alamu ankaitchula kuti mkazi wamkulu.

"Ine ndine wachiwiri pakhomo pano," ankatero. "Winayo ndiye amagulidwa nsapato."

Nsapato zake zinafikadi Lachinayi lina mu Novembala 2006: marimu anayi onyezimira ndi matayala otambalala, ochokera kwa Humphrey, mnzawo wa ku Zambia wogulitsa matayala. Lachisanu m'mawa tinawamanga. Titatha, achimwene anagwira dzanja langa n'kulilowetsa pakati pa tayala ndi madigadi.

"Ukumva chiyani?"

"Chitsulo. Chakuthwa."

"Umenewo timati mlomo. Pa matayala akale aja unalibe vuto, anali owonda. Awa ndi otambalala, ndipo galimoto ili pansi. Ukakhala wekha uyenda bwinobwino. Koma kumbuyo kukangolemera, galimoto imaphwathamira, mlomowu umasanduka mpeni. Ndiye timaupindira m'kati. Ona."

Anatenga paipi yokulunga nsanza ndi draya ya tsitsi ya alamu. Anatenthetsa penti kuti ifewe, analowetsa paipi pamwamba pa tayala, n'kumaigudubuza kwinaku akutsitsa jeke pang'onopang'ono. Mlomo unagonja ngati khutu la mbuzi.

"Draya yangayo ikapsa mugula ina!" alamu anakuwa ali pakhonde.

"Mkazi wamkulu akukonzedwa tsitsi, khalani chete," anayankha achimwene. Kenaka anandipatsa paipi ija. "Atatu otsalawa ndi ako. Ine ndikaone kasitomala. Chinsinsi chake n'kudekha. Ukathamanga, penti ing'ambika, ndipo ndikukolowola maso."

Aka kanali koyamba kundisiyira galimotoyo ndekha. Atabwerako cha m'ma 12, inali itatsika pa jeke, zida ndili nditabwezera m'bokosi.

3

Foni ya alamu inalira cha m'ma 5 madzulo, ine nditangofika pakhomo. Ankasita yunifolomu ya mwana wa kasitomala. Ndinamva akuti, "Ee, rra. Ndine mkazi wake." Kenaka anakhala pansi, osati pampando, pansi penipeni pa simenti. Nsimbi inatsala pansalu mpaka fungo lakupsa linadzaza nyumba.

Apolisi anati ngozi inachitikira pafupi ndi mphambano ya ku Mokolodi, akubwerera. Tayala la kumbuyo kumanzere linaphulika, galimoto inatembenuzika katatu n'kukagona chagada m'minga. Achimwene anafera pomwepo. Makina osokera anawapeza patali, atagwera mumchenga, atangokalika pang'ono.

"Makina anji?" alamu ankafunsa aliyense. "Amuna anga amatani ndi makina?"

Ndine amene ndinawauza. Chinsinsi chimenecho chokha ndicho ndinaulula.

Amalawi anadzaza pakhomo: alonda, omanga nyumba, amayi ogwira ntchito m'makomo. Aliyense anali ndi chifukwa chake. Ena ankati liwiro. Ena ankati galimoto zotsitsazi ndi mabokosi a maliro oyenda okha. Ena ankanong'ona kuti Mzambiya uja amagulitsa matayala owola, opaka polishi. Ine ndinkanyamula mipando, kuthira madzi m'mabeseni, kulandira zipepeso.

"Limba mtima, mphwanga," bambo wina anandiuza. "Umalize sukulu. Malemuwa ankakunyadira kwabasi."

Ndinapita kuseri kwa mulu wa njerwa n'kusanza.

4

Mtembo tinayenda nawo masiku atatu, kudutsa Zimbabwe ndi Tete. Ku Balaka tinapeza nkhani itafika kale, ndipo inali itamera miyendo. Sikunalinso kuti Lucius anapita yekha kukagula mphatso. Kunali kuti mkazi wake anamutuma, anamukakamiza, ndipo makinawo anali ndi zizimba: mwamuna afe, mkazi alemere.

Tsiku lotsatira maliro, abale a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mango. Amalume a alamu anafunsa mwaulemu za tsiku lodzawasudzula, kuti nthawi ya maliro ikatha adzakhale omasuka, avule zakuda, ayambenso moyo.

Amayi anga sanadikire kuti amuna ayankhe.

"Ndisudzule ndani? Uyu?" Analoza ndi chibwano. "Galimoto inaphwanyika, mwana wanga anaphwanyika, koma makina ake anatuluka amoyo. Inu munaona kuti zotero? Avale zakudazo mpaka zimuthere pathupi. Sindimusudzula."

"Amayi, ine sindinkadziwa n'komwe," alamu analira. "Alamu ali apa, afunseni."

Maso onse anabwera kwa ine.

"N'zoona, sankadziwa," ndinatero. "Inali mphatso."

"Iwe khala chete," amayi anandidula. "Ndiwe mwana, unali pa mayeso. Ukudziwa chiyani za akazi a m'tauni? Akakudyetsa bwino masiku awiri wayamba kale kuwaikira kumbuyo." Kenaka anandikokera pafupi n'kuika mutu wanga pachifuwa pawo, pamaso pa anthu onse. "Ndatsala ndi yekhayu. Yekhayu basi."

Pachifuwa pamenepo panali pofunda. 

5

Tinabwerera ku Gaborone awiri, chifukwa alamu analibe kwina kopezera chakudya. Chaka chathunthu tinakhala m'nyumba ija ngati anthu odikira basi pa siteji imodzi. Iwo chipinda chawo, ine changa. Makina aja apolisi anatibwezera, ndipo anakhala pakona atafunditsidwa chitenje. Alamu sanawakhudzepo ngakhale kamodzi.

Amayi a Chimalawi anasiya kubweretsa nsalu. Kutchalitchi, benchi imene alamu ankakhala inkakhala ndi malo ambiri. Ankavala diresi lakuda limodzimodzi, kulichapa madzulo, kulivala m'mawa, mpaka linayamba kutuwa m'mapewa. Komabe tsiku lililonse ankandisungira chakudya m'mbale yovundikira.

"Idyani, alamu. Mutu wa sukulu sufuna njala."

Ine ndinkanyamula chikwama m'mawa uliwonse n'kutuluka.

Amayi ankaimba Lamlungu lililonse pa foni imene achimwene anawagulira. "Samala ndi zakudya zake," ankatero. "Ukamaliza sukulu uchokepo pamenepo."

Tsiku lina, kumayambiriro kwa Disembala 2007, ndikudutsa pafupi ndi shedi ya Humphrey, ndinamva, "Iwe! Mufana wa Lucius! Bwela kuno."

Ndinali nditamuzemba chaka chonse. Shedi yake inali zii, makasitomala a Chimalawi anali atamuthawa. Anandilowetsa kuseri, n'kuchotsa lona pa chinthu china. Linali tayala long'ambika, likadali pa rimu yake yopindika.

"Ninaitenga ku sikirapu mwezi watha. Bantu bakamba ati nine ninapaya munzanga na matayala yoola. Manje ona." Anayendetsa chala m'mbali mwa tayalalo. Panali mzere wozungulira bwinobwino, wakuya, ngati wolemba ndi mpeni. "Tayala yoola siiphulika so. Iyi inadulidwa. Ninayangana na galimoto yonse. Mamadigadi yatatu yanapindidwa mushe, bwinobwino. Imodzi iyayi."

Ndinangoyang'ana mzere uja.

"Lucius sanali muntu wosiya nchito pakati. Ninamuziba zaka seveni." Anandiyang'ana. "Ndani anagwila paipi?"

 Ndinakhala pa tayala lakale.

"Ine sininakambe na muntu," anatero Humphrey, akubwezera lona. "Zina yanga ningaipilile. Koma uja mukazi avala black chaka yonse, mwana. Chaka yonse."

6

Lamlungu lotsatira, titabwera kutchalitchi, ndinapeza alamu pakhonde akusomeka ulusi pa kamakina kawo kakale. Ndinagwada pa simenti.

"Alamu, mwatani? Dzukani, anthu akuona."

"Ndine ndinapha achimwene."

Phazi lawo linaima pa chopalasira.

Ndinawauza zonse. Madigadi awiri ndinapinda bwino. Pa lomaliza, la kumbuyo kumanzere, ndinathamanga. Sindinatenthetse penti mokwanira, ndipo nditangokanikiza paipi ndinamva kuti the! Penti inang'ambika kutalika ngati chala. Penti imene achimwene anapopera okha, kasanu, akusefa fumbi ndi maneti a udzudzu. Ndinazula paipi, ndinapaka dothi pamng'aluwo, ndinatsitsa jeke. Ndinati mawa ndidzamaliza mwakachetechete. Atafunsa kuti, "Wamaliza onse?" ndinati, "Ndamaliza."

"Ndipo pa geti paja anandiuza za makina. Anandiuza kuti akadzaza buti ndi mpando wakumbuyo. Ndinkadziwa chimene mlomo uja umachita kumbuyo kukalemera, anali atandiphunzitsa m'mawa womwewo. Ndinadziuza kuti lingokhula pang'ono basi. Ndikananena, akanatembenuza galimoto kuti tikamalize, ndipo nkhani ya mayeso ikanavuta. Alamu, kunalibe mayeso. Sukulu ndinasiya mu Ogasiti chaka chatha. Ndinalephera kawiri, anandiuza kuti ndibwereze, ndinachita manyazi. Ndinawasiya achimwene apite ndi tayala limenelo kuti ndikakhale pansi pa mtengo maola atatu."

 Kutsidya, amisiri ena ankakhoma denga ngakhale linali Lamlungu.

"Za sukuluzo tinkadziwa," anatero alamu.

Ndinadzutsa mutu.

"Kuyambira mu Sepitembala. Achimwene ako anakapereka galimoto ya kasitomala ku Fairgrounds, n'kukuona utakhala pansi pa mtengo kuseri kwa mabwalo a chionetsero, chikwama chili pamiyendo. Mawa lake anapitanso dala. Unali pomwepo." Sanali kundinenanso kuti inu. "Ine ndinati amukalipire. Iwo anati ayi, mwamuna amanena yekha, timudikire. Atamwalira ndinapitiriza kudikira, poti anatero ndi iwo. Mbale ija ndinkakuvundikira ndikudziwa."

"Nanga bwanji anandiperekeza?"

"Ankaganiza kuti muli awiri m'galimoto unena. Galimotonso anakusiyira dala. Anati, 'Manja ake akakhala abwino, Lolemba ayamba nane ntchito, za tayi tiiwale.'"  "Uli m'bafa kukonzekera mayeso akowo, ndinawafunsa kuti, 'Simuyang'ana kaye zimene wachita mwanayu?' Ukudziwa anati chiyani? Anati, 'Za sukulu anganame chifukwa cha manyazi. Koma za galimoto yanga sangandinamize.'"

Ndinagwetsa nkhope pa simenti. Sanandigwire. Sananditukwane. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi foni, n'kuiika patsogolo panga.

"Imba."

"Alamu, amayi mtima wawo..."

"Ine ndilibe mtima? Elton, ndati imba."

Amayi anayankha mwansangala. "Mwana wanga! Wadya?" Ndinafotokoza kachiwiri, mawu omwewo, kuyambira pa paipi mpaka pa mtengo. Sanandidule ngakhale pamodzi. Kumbuyo kwawo ndinkamva nkhuku ndi wailesi ya oyandikana nawo.

Nditamaliza anati, "Ndamva."

"Amayi..."

"Mpatse foni Agness."

Ndinapereka. Alamu anamvetsera, akungoti, "Eya, amayi. Eya, amayi." Kenaka anagwira kolala ya diresi lakuda lija n'kulira kulira kumene sanalire ngakhale kumanda.

7

Alamu anawasudzula mu Januwale. Amayi anagwada pamaso pa abale a alamu n'kupepesa, ndinamva choncho kwa amalume anga a ku Balaka. Ine sanandiitane. Alamu atabwerako analongedza katundu n'kusamukira ku Francistown, kumene kuli mchemwali wawo. Makina aja anawavundukula, anawapukuta, ndipo ndinawathandiza kukweza m'galimoto ya matola.

"Sindikukuda," anandiuza atakhala kale kutsogolo. Anali atavala chitenje cha maluwa achikasu. "Koma usadzandifunefune."

Lero ndimagwira ntchito pa shedi ya Humphrey, ndipo ndimagona m'kachipinda kuseri kwake. Manja anga ndi akuda. Akuti ndi abwino. Anyamata amabwera ndi galimoto zawo zotsitsa, akufuna matayala otambalala Lachisanu lisanathe, ndipo amadandaula kuti ndimachedwa. Ndikamaliza ndimawakweza anthu atatu kumbuyo, n'kulowetsa dzanja langa pa tayala lililonse, onse anayi, ena mpaka kawiri. Amaseka. Amati Mmalawi uyu amapemphera ndi madigadi.

Inu amene mukuwerenga, sindikupemphani chisoni. Chisoni ndinachidya chaka chathunthu, chosayenera ine, mkazi wosalakwa akuchapa diresi limodzi. Sindikuuzaninso kuti choonadi chimamasula. Chinamasula alamu, chinayeretsa dzina la Humphrey, ine chinandisiya ndekha, ndipo n'zimene ndinkayenera. Chimene ndikufuna mudziwe n'chaching'ono. Ine ndinkaopa kuti achimwene akadziwa kuti ndine wolephera asiya kundikonda. Pamene ndinkaopa choncho, iwo anali akudziwa kale, atandikonzera kale malo pambali pawo, akungodikira kuti nditsegule pakamwa. Ngati pali wina amene wakufunsani kuti, "Palibe chimene ukufuna kundiuza?" mwina yankho ali nalo kale. Injini ikadali kulira, nenani.

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndimagula khadi n'kuimba ku Balaka. Foni imaitana mpaka kudula yokha. Amalume akuti amayi ali bwino, amalima, amapita kumvano, ndipo foniyo ikalira amaiyang'ana, saizimitsa, amangoisiya ilire mpaka ithe.

Tsiku lomaliza kumva mawu a amayi linali Lamlungu, pa 9 Disembala 2007.